Apongozi pa Ndodo ya Magiya

Giyabokisi ya galimoto ya a Wilson Msulira inafa Lolemba, pa chitunda cha kutsidya kwa dambo, itanyamula matumba a mtedza. Sinadwale. Inangolira kamodzi ngati wina wagwetsa thumba la masipuni, kenaka zii. A Wilson anaponda moto, injini inayankha mwaulemu monga mwa masiku onse, koma uthengawo sunafike kumatayala.

Galimotoyo inali Pijo ya bokosi kumbuyo, ya chaka cha 1974. A Wilson anabwera nayo kuchokera ku Kasungu pamene ankasamukira ku Lundazi kudzachita malonda a mtedza ndi nyemba, ndipo ngakhale nthawi imeneyo anthu ankailonjera kale ngati munthu wamkulu. Magiya ake ankasinthira pa chiwongolero, ndi kandodo kakang'ono ka pafupi ndi zala. Kutsogolo kunali mpando umodzi wautali ngati benchi ya m'tchalitchi, wa anthu atatu.

Ikanafa mwezi wina uliwonse, a Wilson akanaikankhira pansi pa mango mpaka nkhuku zitaizolowera. Koma dzulo lake kutchalitchi anali atalengeza kuti madokotala a maso ochokera ku Chipata adzafika pa chipatala cha pa boma pakatha milungu itatu, Lachinayi, ndipo kulemba maina kudzatha thwelofu koloko masana. Madokotala amenewa amabwera kamodzi pa chaka. Kunyumba kwa a Wilson kunali apongozi awo, aNankhoma, a zaka makumi asanu ndi atatu kudza chimodzi, amene ng'ala inawatseka maso onse awiri moti usana ankauzindikira ndi thukuta. Chaka chatha anaphonya chifukwa mlatho unapita ndi madzi. Munthu wa zaka zimenezo suumuuza kuti tidzapita chaka cha mawa.

Kwawo kunali njira ya ku Lukusuzi, makilomita 62 kuchokera pa boma, kumene minibasi imangomveka m'nkhani. Za njinga yamoto aNankhoma anakaniratu. Anati sangagwire mwana wa eni m'chiuno ali ndi zidzukulutudzi.

Choncho Pijo anaikoka ndi thirakitala ya fodya mpaka ku Mphamba, ku garaja ya a Cornelius. A Cornelius anali makaniko wochokera ku Lusaka, amene ankati anagwirapo ntchito pa kampani yaikulu, ngakhale dzina la kampaniyo linkasintha malinga ndi womvera. Garaja yawo inali mtengo wa mkuyu, dzenje lolowera pansi pa galimoto, ndi bokosi la masipanala limene ankakhalira pakudya.

Anamasula giyabokisi, nakhuthulira mafuta ake m'beseni. Pansi pa beseni panatsala tizitsulo tambirimbiri ngati mphale.

"Ba Wilson," anatero a Cornelius m'Chinyanja chawo cha ku Lusaka, "aya ni mano. Iyi siidwala. Yafa."

"Simungaiike mano ena?"

"Amene anali kupanga mano aya anafa kudala. Na ana ao anapuma nchito."

A Wilson anafotokoza za apongozi ndi za Lachinayi. A Cornelius anamvetsera akutokosa khutu ndi msomali, kenaka anapita kuseri kwa mkuyu nakavundukula tenti. Panali giyabokisi yonyezimira, ya galimoto yamakono ya anthu oteteza nyama, imene inagubuduzika chaka chatha popatukira njovu. Galimotoyo inapindika ngati chitini chopondedwa, koma giyabokisi inatuluka yopanda ndi chipsera chomwe.

"Magiya asanu," anatero a Cornelius.

"Asanu? Yachisanuyo njachiyani?"

"Ni ya anthu ofulumila."

"Ine anayi andikwanira zaka makumi atatu."

"Muzaisunga. Siiola."

Kukwatitsa injini ya 1974 ndi giyabokisi ya dzana si ukwati woti ankhoswe angogwirana chanza nkumwazikana. Ataziyandikizitsa, pa mabowo asanu ndi limodzi a mabauti panakumana limodzi lokha, ndipo nalonso linkayang'ana kumbali. A Cornelius sanadandaule. Anapaka girisi kumaso kwa injini, nakanikizapo katoni ya sopo, mabowo onse nkudzilemba okha. Anatembenuza katoniyo nachita chimodzimodzi kumaso kwa giyabokisi. Kenaka anatenga chitsulo chophwatalala cha chigayo chakufa, nagonekapo katoni ija, nayamba kudula ndi kuboola kuti chitsulocho chikhale pakati, chigwire uyu mbali ino ndi uyo mbali inayo.

Ntchito imeneyi inkafuna magetsi, ndipo magetsi ankabwera ngati mlamu wa kutauni, osanena tsiku, osakhalitsa. Akabwera, a Cornelius ankasiya ngakhale nthongo ili m'manja nkuthamangira choboolera. Akapita, amuna awiriwo ankakhala pansi nkumayang'ana chitsulo.

Chitatha chitsulo, inavuta kilatchi. Mtengo wachitsulo wa giyabokisi yatsopano unali ndi timizere tambiri kuposa mbale yakale ya kilatchi, moti sunkalowa. A Cornelius anakolowola pakati pa mbale yatsopano nakhomerera pa yakale. Itatha kilatchi, chipaipi chopereka mphamvu kumatayala a kumbuyo chinapezeka chatalika ndi chikhatho chimodzi ndi zala zinayi. Anachidula, nachiwotcherera, nachizunguza ali ndi choko m'manja kuti aone pamene chikuvina. A Wilson ankagona kwa mkulu wa mpingo wina pa Mphamba pomwepo, ndipo m'mawa uliwonse ankafika, nkukhala pa batire yakufa, nkumapereka malangizo amene a Cornelius ankawalandira ndi msana.

Chomaliza chinali ndodo yosinthira magiya. Giyabokisi zamakono sizidziwa za chiwongolero. Ndodo yake imatulukira pansi. A Cornelius anadula bowo pansi pa galimoto, ndodo nkutulukira pakati penipeni, ndipo poti giyabokisiyo inali yaitali, inatulukira mogundana ndi mpando, moti anachita kujeba mpandowo pang'ono. Ndodoyo inali yaifupi. Anaiwonjezera ndi paipi ya madzi mpaka inafika pa mchombo wa munthu wokhala pansi, ndipo pamwamba anaikapo kampira kosalala ka pa thebulo la pulu, kamene sananene kumene anakatenga.

Lachitatu masana anaiyesa. Inalowa giya yoyamba ngati mpeni m'papaya. Yachiwiri, yachitatu, yachinayi, zonse mwakachetechete, moti a Wilson anachita kuyang'ana ngati zalowadi.

"Ya faivi ili kumanja kusogolo," anatero a Cornelius. "Koma kumbuyo kwake kuli livesi. Mukaphonya, muzabwelela ku Kasungu."

A Wilson anaganiza zoisiya kaye yachisanuyo mpaka atadziwana nayo.

Amuna awiriwa anayeza chilichonse pa galimotoyo. Anayeza ndi tepi, ndi chingwe, ndi zala, ndi udzu. Koma poiyesa anakwera awiri, wina uku wina uku, pakati popanda munthu, ndipo palibe anafunsa kuti pakatipo pamakhala ndani.

A Wilson anafika kunyumba dzuwa lisanalowe, akuimba hutala kuyambira pa mjigo. Akazi awo, Faides, anazungulira galimoto kamodzi, nagwira chitseko cha kumanzere. Chinatseguka chokha.

"Chitseko mwakonza?"

"Amake Rachael, tinali pa nkhani ya giyabokisi."

"Milungu itatu."

"Chitseko chili ndi inu."

Chitseko chimenecho chinasiya kutsekeka chaka chimene Rachael anabadwa, ndipo Rachaelyo tsopano anali mphunzitsi ku Chipata. Chinkafuna munthu wochikoka ulendo wonse, ndipo ntchitoyo inali ya Faides, amene mkono wake wamanzere unanenepa kuposa wamanja. Tsiku lina Faides atadwala, chinagwetsa adikoni pokhota. Adikoniwo sanavulale kwenikweni, koma kuyambira pamenepo aNankhoma analumbira kuti sadzakhala ku chitseko chimenecho ngakhale atachimanga ndi unyolo. Malo awo anali pakati.

Pa zaka makumi atatu ndi zinayi za ukwati, a Wilson ndi aNankhoma anali asanalankhulanepo mwachindunji. Sikuti ankadana. Unali ulemu. Akakumana m'kanjira, mmodzi ankapatukira m'tchire, nthawi zambiri onse awiri, kanjira nkutsala kopanda munthu. Moni ankadutsa mwa Faides. Faides akachokapo ankadutsa mwa aliyense amene ali pafupi, ndipo tsiku lina a Wilson anamveka akuuza mbuzi kuti kukubwera mvula, ufa wa pa mkeka ulowe m'nyumba. Ena kutchalitchi ankati zimenezi nzachikale. A Wilson ankayankha kuti galimoto yawo nayonso njachikale, koma ndi imene imanyamula maliro a anthu amakono.

M'galimoto munali dongosolo lake. Pakati pa mkamwini ndi apongozi ankagonekapo ambulera yakuda, ndipo malire amenewa ankalemekezedwa kuposa a mayiko pa Lusuntha. Palibe chigongono chinawolokapo. Manja a a Wilson ankathera pa chiwongolero, poti magiya anali pomwepo, ndipo aliyense ankafika kumene akupita ulemu wake uli wathunthu.

Lachinayi ananyamuka eyiti koloko. Faides ankafuna sikisi, koma a Wilson anati ndi giyabokisi imeneyi maola awiri ndi ambiri, asavutitse amayi ndi mame. Faides anawakweza amayi ake, nawakhazika pakati, nagoneka ambulera. ANankhoma anatambasula miyendo kufuna poponda, phazi lina uku lina uku, nakonza chitenje. Kenaka manja awo anapapasa kutsogolo ndipo anakumana ndi kampira kosalala kaja, pa msinkhu weniweni wa ndodo yoyendera. Anakasisita. Anakagwira ndi manja onse awiri.

"Faides."

"Mayi."

"Ichi nchatsopano."

"Zonse nzatsopano, amayi. Akonzetsa."

"Uwauze bambo a Rachael kuti ndathokoza. Zaka zonsezi ndakhala ndikugwedezeka muno ngati dzungu, wopanda pogwira. Uwauze kuti anaganiza bwino. Si akamwini onse angakumbukire chogwirira cha nkhalamba."

Faides anabwereza mawu onsewo, ngakhale a Wilson anali pa mtunda wa ambulera imodzi. A Wilson anayang'ana kunja pa windo la kumanja. Pa zaka makumi atatu ndi zinayi, aka kanali koyamba kuti apongozi awayamike pa chinthu chimene sichinali chodyedwa. 

"Auzeni amayi kuti si kanthu," anatero.

Galimoto inali itagona mu giya yoyamba, poti buleki ya pamanja inapuma kalekale. Anaponda kilatchi, naliza injini, nanyamuka. Atayenda pang'ono injini inapempha giya yachiwiri. Dzanja lamanzere la a Wilson linapita pa chiwongolero pamene panali kandodo kakale, nkupeza mphepo. Linatsika pang'ono, linaima m'malere pamwamba pa ambulera, kenaka linabwerera pa chiwongolero ngati mwana amene wapeza alendo pabalaza.

Ndodo inali pakati pa maondo a apongozi, theka lake litakutidwa ndi chitenje, ndipo pamwamba pake panali manja awiri a apongozi.

Anapitirira mu giya yoyamba.

Galimoto ya mu giya yoyamba imalira ngati ikuthamanga kwambiri, koma mitengo ya m'mbali mwa msewu siivomereza. Anawapitirira bambo wa pa njinga atanyamula makala. Anawapitirira mayi wa pa njinga, mwana kumsana, nkhuku pa hendulo. Pa chigwa china ngolo ya ng'ombe inayenda nawo limodzi kwa nthawi ndithu, mwini wake nkupereka moni wa Chitumbuka, nkufunsa za kunyumba, nkufunsanso ngati kumbuyoko kuli maliro kuti avule chipewa. A Wilson anati yewo, kulibe. Mwini ngoloyo anakwapula ng'ombe zake natsazika.

"Lero akuyendetsa ngati munthu wopemphera," anatero aNankhoma. "Koma phokosoli."

"Ndi yatsopano, amayi," anatero Faides, amene za magiya sankazidziwa. "Ikuzolowera."

A Wilson ankayang'ana zinthu ziwiri, wotchi ya pa mkono ndi kasingano kosonyeza kutentha kwa injini. Zonse zinkapita mbali imodzi. Anatsokomola kangapo kuti Faides awayang'ane, naloza ndodo ndi mlomo. Faides anayang'ana manja a amayi ake, namwetulira, nagwedeza mutu kuvomereza kuti inde, achikondadi.

Hafu pasiti naini, atayenda makilomita khumi ndi anayi, kutsogolo kunayamba kutuluka nthunzi. A Wilson anaimika pa mjigo wina, natsika, natsegula boneti, nakodola Faides kuti akumane kumbuyo kwa galimoto.

"Giyabokisi ya milungu itatu ndi imeneyi?" anayamba Faides. "Yakale ija inkathamanga kuposa apa itafa kale."

"Giyabokisi ili bwino. Tili mu giya yoyamba."

"Ndiye ikani yachiwiri."

"Ndodo yake ndi imene agwira amayiyo."

Faides anasuzumira pa galasi la kumbuyo. Amayi ake anali khale, msana chilili, manja pa kampira.

"Chogwirira chija?"

"Si chogwirira."

"Ndiye kuchokera kunyumba mwangoti duu?"

"Anandiyamika."

"Anakuyamikani."

"Munamva nokha. Munachita kubwereza."

Faides anawayang'ana amuna ake nthawi yaitali, monga mmene munthu amayang'anira mbuzi imene yadya sopo.

"Tikapitiriza chonchi tifika nthawi yanji?"

"Thuu koloko. Injini ikapanda kupsa."

"Bambo a Rachael, chiyamiko sichipenya. Amene ndimawatsogolera kuseri m'mawa uliwonse ndine. Mukufuna nditero chaka china chathunthu kuti inu mukhale ndi mbiri ya chogwirira?"

A Wilson anatenga chigubu napita kukapopa madzi. Faides anapita ku chitseko chake.

"Amayi, chimene mwagwiracho si chogwirira. Ndi chosinthira magiya. Galimoto ikulephera kuthamanga chifukwa cha chimenecho."

ANankhoma anasisitanso kampira kaja.

"Si cha ine?"

"Ayi."

"Hm," anatero aNankhoma. "Ndinadabwa."

A Wilson, amene anali kuseri kwa boneti, anamva, ndipo madzi ena anathira pambali pa bowo.

"Ndiye muchisiye, amayi, kuti bambo a Rachael azisintha."

"Chili pakati pa maondo anga, Faides. Dzanja la mkamwini lifike pano ine ndili moyo? Bola khungu."

"Tisinthane malo."

"Ku chitseko cha adikoni?"

"Ndizisintha ine."

"Ndi dzanja liti? Ukasiya chitsekocho tikutola m'msewu."

"Basi tibwerere kunyumba."

"Wanena zobwerera ndani?" ANankhoma anagwedeza ndodo ija pang'ono, kumva kulemera kwake. "Chinthuchi chimafuna chiyani? Kukankha ndi kukoka? Ndinapukusa jeke yopanira fodya ku esiteti zaka khumi ndi ziwiri, iwe uli kumsana. Uwafunse chimapita kuti."

Sukulu inachitikira pomwepo, injini ikuzizira, amayi otunga madzi ataimika zidebe kuonerera. A Wilson anakhala pa mpando wawo, nkhope kunja, phazi pa kilatchi, nkumafotokozera Faides, Faides nkumafotokozera munthu amene anali pakati pa awiriwo. Kumanzere kutsogolo, yoyamba. Kumanzere kumbuyo, yachiwiri. Pakati kutsogolo, yachitatu. Pakati kumbuyo, yachinayi. Osakankha mpaka phazi litaponda.

"Nanga kumanja?" anafunsa aNankhoma.

"Auzeni amayi kuti kumanja kulibe zofunika."

Ananyamuka kota pasiti teni, kutatsala makilomita 48, ambiri mwa iwo a mchenga ndi mabampu.

Poyamba zinavuta, ndipo chimene chinavuta sichinali giyabokisi. Anali mawu. Atafika pa chitunda choyamba ali mu yachitatu, a Wilson anayamba: "Amake Rachael, muwapemphe amayi, ngati sikuwavuta, kuti mwina akokere chakumanzere, kenaka..." Galimoto inanjenjemera, inazima, niyamba kubwerera yokha chammbuyo. Pa chitunda chachiwiri anafupikitsa pang'ono, koma Faides anawonjezera zake, aNankhoma nkuyankha kuti uwauze ndamva, ndipo pofika pokoka, phazi la a Wilson linali litatopa nkudzuka. Giyabokisi inakukuta mano. A Wilson anamva ngati ndi awo.

"Mawu achepe," anatero Faides. "Ulemu tikapitiriza pofika."

Kuyambira pamenepo a Wilson ankangoti, "Yachiwiri," Faides nkuti, "Yachiwiri," ndodo nkuyenda. Dzanja la aNankhoma silinali la masewera. Silinkakakamiza. Linkapapasa khomo, nkudikira, nkulowa.

Ndiye munthu wosaona amamva zambiri. Atadutsa midzi iwiri itatu, aNankhoma anayamba kuizindikira injini, pamene ikulira ndi njala ndi pamene yakhuta. Akuyandikira kamtsinje kouma, a Wilson asanatsegule pakamwa, anamva mawu kumanzere kwawo.

"Uwauze aponde."

"Pondani," anatero Faides.

A Wilson anaponda. Ndodo inatsikira mu yachiwiri, galimoto nkuwoloka mchenga ngati ikuyenda pa bwalo la mpira. Kutsidya anamvanso, "Uwauze aponde," ndipo anaponda. Sanakumbuke nthawi imene anasiya kukhala wolamula. Patsogolo pake ngakhale Faides anatsala wopanda ntchito kupatula chitseko, chifukwa aNankhoma anayamba kungotsokomola kamodzi, phazi la a Wilson nkutsika lokha. Kutsokomola si kulankhula. Palibe mwambo umene unathyoledwa.

Komabe msewu unali msewu. Pamene ankatulukira mu msewu waukulu wopalidwa bwino, wotchi inali itadutsa hafu pasiti leveni ndi mphindi zisanu, ndipo kunali kutatsala makilomita makumi awiri. A Wilson anaponda moto mu yachinayi. Injini ya 1974 inapereka zonse zimene inali nazo, ikukuwa, ndipo kasingano ka kutentha kanayambanso ulendo wake wopita kofiira. Akapitiriza chomwecho ipsa asanafike. Akachepetsa apeza buku latsekedwa. Anawerengera kawiri, ndipo kawiri konse yankho linali loipa.

ANankhoma anatsokomola.

A Wilson sanaponde.

Anatsokomolanso, mokweza.

"Akuti pondani," anatero Faides.

"Auzeni amayi kuti magiya atha."

"Uwauze kuti kumanja kuli khomo. Ndalimva ndi dzanja kuyambira pa mjigo paja."

"Auzeni kuti kuseri kwa khomo limenelo kuli giya yobwerera m'mbuyo. Akaphonya, giyabokisi imwazika pamsewu pano, ife pamodzi nayo."

"Uwafunse ngati iwo analowamo."

A Wilson anayang'ana msewu.

"Akuti sanalowemo," anatero Faides, osadikira.

"Ndiye akudziwa bwanji za m'nyumba imene sanalowemo? Uwauze injini yawo ikulira ngati mwana womangidwa kumsana ali wofuna kuyenda. Aponde."

A Wilson anaganiza za a Cornelius, za chitsulo cha chigayo, za mabauti asanu ndi limodzi oboolera pa katoni ya sopo. Anaganizanso za chaka china cha mdima m'nyumba mwawo. Anagwiritsa chiwongolero, naponda mpaka pansi.

Ndodo inatuluka mu yachinayi, inaima pakati, inapendekera kumanja mpaka kampira kanatsala pang'ono kuwoloka ambulera, a Wilson nkukokera bondo lawo ku chitseko. Kenaka inapita kutsogolo. Kunamveka kakuti tswi, kochepa kwambiri.

Anadzutsa phazi. Injini inatsitsa mawu ngati munthu amene wapatsidwa mpando, ndipo galimoto inayamba kupita. Minda ya fodya inkadutsa isanaoneke bwino. Bokosi la kumbuyo linkaimba nyimbo imene a Wilson anali asanaimvepo. Anapitirira njinga zamoto ziwiri ndi minibasi imodzi, kondakitala wake nkutulutsa mutu pa windo kuti aonetsetse. Faides anagwira chitseko ndi manja onse awiri, milomo ikuyenda yopanda mawu. Kasingano kaja kanaima, kanaganiza, nkuyamba kubwerera.

"Hm," anatero aNankhoma.

Analowa pa boma fumbi lili m'mbuyo ngati kamvuluvulu. ANankhoma anatsitsa magiya imodzi imodzi pomva mabampu a pa msika. Pa geti la chipatala a Wilson anaponda buleki nkudikira kutsokomola kuja, koma aNankhoma anali otanganidwa kukonza duku, choncho galimoto inadumpha kawiri nizima yokha, mphuno ili m'maluwa.

Namwino wa pa khonde anali atayamba kale kusonkhanitsa mapepala. Anayang'ana wotchi ya pa chifuwa, nayang'ana nkhalamba imene inkabwera itakolekedwa pa mkono wa mwana wake.

"Bwelani, ambuya. Mukali na maminiti anayi. Mwachokela kutali?"

"Njira ya ku Lukusuzi," anatero Faides.

"Mwayenda bwino?"

"Koyambirira oyendetsa anali ndi manyazi," anatero aNankhoma. "Lembani Enelesi Nkhoma."

Anawachita diso lamanja Lachisanu, nati lamanzere adzaliona ulendo wina. Loweruka m'mawa anawamasula bandeji. A Wilson anali panja, ndipo ataona apongozi akutuluka pa khomo okha, opanda wowagwira, akuponda masitepe molunjika, anazindikira kuti masiku oima poyera atha. Anathamangira kuseri kwa galimoto nanjuta pafupi ndi tayala, maso pansi.

ANankhoma anaima pabwalo, dzanja pa chipumi, akuphethira. Anayang'ana mitengo. Anayang'ana Faides kuyambira kumutu mpaka kumapazi, nanena kuti wakalamba. Kenaka anayang'ana magalimoto amene anaima pamenepo.

"Imene inatibweretsa ndi iti?"

"Ndi iyi, amayi."

ANankhoma anaizungulira pang'onopang'ono, a Wilson nkumasuntha chonjuta kuti galimoto ikhalebe pakati pawo. Anaona boneti yomangidwa ndi waya. Anaona matayala anayi a mitundu inayi, osalala ngati mimba ya mlamba. Anasuzumira m'kati, naona bowo la pansi loonetsa dothi, ndi paipi ya madzi itaima pakati pake.

"Iyi?"

"Imeneyi."

Anayang'ananso matayala aja.

"Faides, ndikanakhala ndikuona, sindikanaithamangitsa chomwe chija."